Nadzikambe wa M'katoni

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu amaunena kwa munthu wopupuluma, koma ukadayeneranso nadzikambe, pakuti nayenso saulula zake kwa munthu wothamanga. Nkhani ya lero, adzukulu, ndi ya mnyamata wina wa m'boma la Chiradzulu amene adatsekera nadzikambe m'katoni ya sopo, ndiponso ya agogo ake awiri, wina woopa kanyamako, wina wokhala nako ndi ngongole yakale.

Udali mwezi wa Epulo, mvula itayamba kutsazika, chimanga chikuuma m'minda. Mnyamatayo, wa Folomu 3 pasukulu yoyendera, adapeza nadzikambe akudutsa njira ya kudambo, akuponda monyinyirika monga mwa chibadwa chake: mwendo umodzi m'mwamba, thupi likugwedezekera kutsogolo ndi kumbuyo ngati tsamba lokankhidwa ndi kamphepo. Ana ambiri akadathawa kapena kutola miyala. Iye adathyola kamtengo, nadikira kuti kanyamako kakwerepo, n'kupita nako kunyumba. Sichidali chifundo chokha chimene chidamugwira. Masiku angapo m'mbuyomo adaonera pafoni ya msuweni wake kanema wa mzungu wina wa ku Ulaya amene adadzaza chipinda chathunthu ndi zikwere za anadzikambe, n'kumawaswetsa ndi kugulitsa ana awo. Nsapato za mnyamatayo zidali zitayasama kutsogolo, ndipo masamu a m'mutu mwake adali achidule: ngati azungu amagula chinthu chimene kuno chimangodziyendera m'njira, ndiye kuti umphawi n'ngochita kufuna.

Agogo ake aakazi adali akupeta pabwalo. Atangoona chimene chidali pakamtengoko adaika lichero pansi, nabwerera m'mbuyo.

"Iwe! Chotsa chinthu chakocho pakhomo pano. Ukufuna kutiitanira maliro?"

"Agogo, sichiluma. Azungu amachiweta ngati nkhunda."

"Azunguwo akaike m'nyumba zawo. Pano ayi."

Agogo aamuna adali pakhonde, akusoka mphasa. Sadalankhule msanga. Adayang'anitsitsa kanyamako, ndipo pambuyo pake adangoti, "Bwera nayo kuno katoni yakoyo, ikhale pakhonde langa." Mnyamatayo adaboola timabowo m'mbali mwa katoni, naikamo masamba a mango, kachivindikiro ka botolo kodzaza madzi, ndi kambamu ka nsima. M'maganizo mwake ulimi udali utayamba.

Mantha a agogo aakaziwo adali ndi muzu wake. Nthano yakale imati Chauta adatuma nadzikambe kwa anthu ndi uthenga wakuti akafa adzaukanso. Pambuyo pake adatuma buluzi ndi uthenga wina, wakuti akafa afereretu. Buluzi adathamanga nafika msanga. Nadzikambe adafika anthu atalandira kale mawu a imfa, ndipo mawu oyamba kufika ndiwo adagwira. Nthano imeneyi si ya Achewa okha. Imamveka mpaka kwa Azulu, ndipo kulikonse kumene imanenedwa nadzikambe amasenza mlandu wa maliro onse a padziko. Mfumu yodziwa kuzenga milandu ikadayamba yafunsa chifukwa chake uthenga wofunika chotere udapatsidwa kwa woyenda pang'onopang'ono kuposa onse. Koma nthano siitengeredwa kubwalo. Chigamulo chidaperekedwa kale, ndipo ochikwaniritsa adali anyamata a kubusa. Akamugwira nadzikambe ankamukanula kukamwa ndi kamtengo, n'kuthiramo fodya wa mphuno, n'kumaonerera akusinthasintha mtundu mpaka kuuma. Ankati akulipira kuchedwa kwake. Agogo aamuna aja adachitapo zimenezi ali mnyamata, osati kamodzi kokha, ndipo pamsinkhu wa zaka zoposa 70 adali akukumbukirabe mmene kamodzi mwa tinyamato kadagwirira chala chawo ndi tizala take, osafuna kusiya.

Tsiku lachiwiri nadzikambe uja adada. Kubiriwira konse kudachoka, thupi lidadzaza mawanga akuda, ndipo adangokhala pakona ya katoni atatseka maso masana. Nsima sadaikhudze, nyerere ndizo zidachita phwando. Madzi adali momwemo.

"Kodi iwe," adafunsa agogo aamuna, "udamuonapo nadzikambe akumwa pachitsime?"

"Ayi, agogo."

"Nanga wamukumbira chitsime chifukwa chiyani?"

Mkuluyo sadawerengepo buku la oweta anadzikambe, koma funso lake ndilo phunziro loyamba m'mabuku amenewo. Nadzikambe kawirikawiri sazindikira madzi odekha a m'mbale. Iye amamwa mame ndi timadontho ta mvula totsetsereka pamasamba, ndipo oweta a kunja amayenera kuwaza madzi m'chikwere kangapo patsiku, kapena kuika kachipangizo kodonthetsa madzi pang'onopang'ono. Chakudya chake chiyenera kukhala chamoyo ndi choyenda, monga ziwala, nkhululu ndi ntchentche, chifukwa maso ake, amene lililonse limatha kuyang'ana kwake, amasaka chogwedezeka. Akachiona amalunjikitsa maso onse awiri pamodzi n'kuponya lilime limene limatha kutalika kuposa thupi lake lonse. Motero woweta nadzikambe amayamba waweta nkhululu, ndipo nkhululuzo amazidyetsa bwino ndi kuziwaza ufa wa kashiamu asanazipereke. Chikwere chimafunika chachitali, cha waya wa sefa kuti mpweya uziyenda, chokhala ndi nthambi ndi zomera zamoyo. Kumaiko ozizira, kumene nyama yotere imakhala m'nyumba chaka chonse, amagula nyale zapadera zotulutsa kuwala kwa mtundu wa UVB, kumene dzuwa limapereka kwaulere kuno. Popanda kuwala kumeneko thupi silipanga vitamini D, kashiamu salowa m'mafupa, miyendo imapindika, nsagwada zimafewa. Ndipo pa zonsezi pali lamulo lina limene munthu wozolowera nkhuku ndi nkhunda amavutika kulimvetsa: nadzikambe ndi nyama yokonda kukhala yokha. Awiri aamuna m'chikwere chimodzi amazunzana mpaka wina kudwala, ndipo kumugwiragwira, kumene mwini amati n'chikondi, kwa iye n'kuopsezedwa.

Kuda kwa nadzikambe wa m'katoni uja kudali kulankhula. Anthu ambiri amaganiza kuti iye amasintha mtundu kuti afanane ndi chilichonse chimene wakwerapo, ndipo n'chifukwa chake munthu wapawiripawiri amatchedwa bilimankhwe. Kunena zoona, dzina limeneli limamunamizira mwini wake. Mtundu wa khungu lake umatsata kwambiri kutentha, kuwala ndi mmene mtima wake ulili: mantha, mkwiyo, kufuna mkazi, kudwala. M'chaka cha 2015 akatswiri a payunivesite ya Geneva adaonetsa kuti m'khungu la mtundu wina wa ku Madagascar muli timiyala tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timayandikana kapena kutalikirana, ndipo kuwala kukagundapo kumabwerera ndi mtundu wosiyana. Ndiye kuti pa zamoyo zonse nadzikambe ndi mmodzi mwa olephera kubisa za kukhosi. Munthu wachinyengo akadakhala ngati iye, bwenzi milandu ya m'midzi ikutha m'mawa umodzi.

Kanema amene mnyamata adaonera sadaname, koma sadanene zonse. Mitundu ya anadzikambe padziko lapansi ndi yoposa 200, ndipo pafupifupi theka la mitunduyi imapezeka pachilumba cha Madagascar. Pa yonseyi, imene imaswana mosavuta m'manja mwa anthu ndi yowerengeka. Wodziwika kwambiri ndi wa chisoti chachitali wochokera ku Yemen ndi Saudi Arabia, ndi wina wa mitundu yowala wa ku Madagascar wotchedwa Furcifer pardalis. Amenewa ndiwo adzaza masitolo a ziweto ku Ulaya ndi ku America, ndipo ambiri mwa iwo makolo awo omwe adabadwira m'zikwere. Koma mtima wa munthu wosonkhanitsa zinthu sukhutira ndi chimene mnzake ali nacho kale. Amafuna chosowa, ndipo chosowacho ndicho chovuta kuswetsa. Mtundu waukulu wa ku Madagascar wotchedwa Calumma parsonii mazira ake amatha kukhala m'nthaka chaka ndi theka, ngakhale kuposerapo, asanaswe. Munthu wosadekha sadikira zimenezo. Amangotumiza ndalama kuti ena akatole m'nkhalango.

Apa m'pamene pamagona chisoni cha malonda amenewa. Nadzikambe wogwidwa kutchire amadutsa m'manja ambiri, m'matumba ndi m'mabokosi, masiku ochuluka osamwa, ndipo ambiri amafika ali ofooka ndi odzaza njoka za m'mimba. Mtundu waukulu uja umene kuno umatchedwa kalilombe, umene umaposa anadzikambe onse a pamtunda wa Africa ndipo umatalika kuposa theka la mita, oweta a kunja adaupatsa dzina lachipongwe lakuti nadzikambe wa masiku 90, poti ochuluka ogwidwa kutchire ankafa isanathe miyezi itatu. Chifukwa cha zotere maiko adamvana pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, limene lidayamba kugwira ntchito mu 1975; Malawi adalowamo mu 1982. M'chaka cha 1995 maiko a m'panganoli adaimitsa kugula anadzikambe ambiri a ku Madagascar, kusiyako mitundu inayi yokha, ndipo chiletso chimenechi chidatenga zaka zambiri chisanayambe kufewetsedwa. Mu 2016, pamsonkhano wa ku Johannesburg, tianadzikambe tating'ono ta m'nkhalango za Africa natonso tidalowa m'ndandanda wa nyama zosatumizidwa kunja popanda chilolezo. Mnyamata wa ku Chiradzulu sadadziwe kuti ngakhale akadapeza wogula, katoni yake ikadafunika makalata a boma isanadutse malire.

Palinso mbali ina yosayembekezeka. M'chaka cha 1972 wogulitsa ziweto wina pachilumba cha Oahu ku Hawaii adalandira anadzikambe a nyanga zitatu ochokera ku Kenya. Adafika ali ofooka, ndipo iye adawamasula kuseri kwa nyumba yake kuti apezeko mphamvu. Adaipezadi. Adaswana nafalikira m'zilumbazo, ndipo lero amawerengedwa ngati mdani chifukwa amadya tizilombo ndi nkhono za kumeneko zimene sizipezeka kwina kulikonse. Chifundo chidapha nkhwali, ndipo nthawi zina chimapha nkhono za eni dziko.

Komabe kungakhale kukondera kunena kuti aliyense wosunga nadzikambe m'manja ndi wamalonda kapena wosadziwa. Dziko la Malawi lili ndi nkhani yake yosonyeza zosiyana, ndipo ndi nkhani imene mdzukulu aliyense ayenera kuidziwa.

Kummwera kwenikweni kwa dziko lino, m'boma la Nsanje, kuli mapiri otchedwa Malawi Hills. Pamwamba pake padali nkhalango yobiriwira chaka chonse, ndipo pansi pa mitengo yake, m'masamba owola, mumakhala kanadzikambe kakang'ono kosaposa chala cha munthu wamkulu, ka masentimita pafupifupi asanu ndi theka. Mchira wake ndi waufupi, mtundu wake nthawi zambiri ndi wa tsamba louma, ndipo sikakwera mitengo italiitali ngati anzake. Masana kamayenda pansi kusaka tizilombo. Usiku kamakwera katsinde kafupi n'kugona. Munthu akakanyamula kamanjenjemera thupi lonse, ngati kuti kakufuna kumudzidzimutsa kuti akasiye. Katswiri wa anadzikambe, Colin Tilbury, ndiye adakalemba m'mabuku a sayansi mu 1992, ndipo dzina lake, Rhampholeon chapmanorum, limalemekeza Jim Chapman ndi mkazi wake Betty, amene adathera zaka zambiri akufufuza zomera za m'nkhalango za Malawi. Mtundu umenewu mwachibadwa sudziwika kwina kulikonse padziko lapansi koma m'mapiri amenewo.

Ngakhale panthawi imene kankapatsidwa dzina, nkhwangwa zidali zikulira kale m'nkhalangoyo. Poona zimenezi, m'chaka cha 1998 anadzikambe 37 a mtundu umenewu, amene adali m'manja mwa anthu ofuna kuupulumutsa, adamasulidwa m'kankhalango kena ku Mikundi, mtunda wa makilomita pafupifupi 95 kumpoto. Kudali ngati mayi amene amaona njala ikubwera natumiza mwana mmodzi kukakhala kwa amalume ake, kuti mbumba isathere pamodzi. Zaka zidapita. Zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga zidaonetsa kuti pakati pa 1984 ndi 2019 nkhalango ya Malawi Hills idatha ndi magawo pafupifupi 80 pa 100 alionse, ndipo idatsala timagulu ta mitengo totalikirana, tozunguliridwa ndi minda. Ambiri adaopa kuti kumapiriko kanyamako kadatheratu.

Mu 2016 gulu la akatswiri a bungwe la South African National Biodiversity Institute ndi a Museums of Malawi, motsogozedwa ndi Krystal Tolley, lidapita kukafufuza. Nadzikambe amasakidwa usiku ndi tochi, chifukwa akagona amayezuka ndipo amaoneka msanga pakati pa masamba. M'timagulu tiwiri ta mitengo ta ku Malawi Hills adapeza aakulu 17. Ku Mikundi adapeza aakulu 21 ndi ana 11. Ana amenewo ndiwo adali nkhani yaikulu: zaka 18 chimasulireni, mbewu ya anadzikambe 37 aja idali ikuswanabe. Zotsatira za kafukufukuyu zidasindikizidwa mu 2021 m'magazini ya sayansi yotchedwa Oryx.

Munthu angathe kuombera m'manja apa n'kunena kuti kuweta kwapambana. Koma tayang'anitsitsani chimene chidapulumutsa a ku Mikundi. Manja a anthu adawanyamula kwa kanthawi chabe. Chimene chidawadyetsa, kuwamwetsa ndi kufungatira mazira awo zaka zonsezo ndi nkhalango ina imene idali ikadali chiimire. Kukadapanda kankhalango ka Mikundi, bwenzi 37 aja atakalambira m'mabokosi, ndipo adzukulu awo akadakhala zinthu zoonetsa alendo. Ndipo kafukufuku yemweyo adapezanso chinthu chodetsa nkhawa. Atayeza DNA ya otsala ku Malawi Hills adaona kuti a kagulu kamodzi ka mitengo sakusakanikirananso ndi a kagulu kena. Kwa kanyama koyenda pang'onopang'ono chotere, kofuna mthunzi ndi chinyezi, munda wa chimanga ndi chipululu chosaoloka. Motero kagulu kalikonse kasanduka chikwere chopanda waya, mmene achibale amakwatirana okhaokha. Makolo adaletsa ukwati wa pachibale chapafupi asanamve n'komwe za DNA, ndipo chimene ankachiopa pakati pa anthu chingathenso kufooketsa tinyama timeneti.

Olima m'mapiri a Nsanje asaweruzidwe mofulumira. Munthu wodula mtengo kuti adzale chimanga ndi chinangwa sadana ndi nadzikambe. Mwina sadamuonepo n'komwe. Ali ndi ana ofuna kudya, ndipo kuchigwa madzi osefukira amamulanda mbewu kawirikawiri. Kumuuza kuti asiye nkhwangwa chifukwa cha kanyama konga chala, osamuonetsa kumene adye, n'kumunyoza. Komabe pali nthano ina ya Achewa imene imabwera yokha m'maganizo. Ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, akuti Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto natentha tchire. Nyama zidathawa ndi mkwiyo. Nadzikambe adakwera pamwamba pa mtengo naitana Chauta kuti amutsatire, koma Chauta adati wakalamba, sangathe kukwera; kangaude ndiye adamponyera ulusi wake, ndipo adapita kumwamba. Amene adapeka nthano imeneyi adaona bwino: nadzikambe ndi nyama yothawa moto wa munthu. Kusiyana kwake n'kwakuti wa m'nthano adali ndi mtengo wokwerapo, pamene wa ku Nsanje mitengo ikumuthera, ndipo ngakhale ikadakhalapo, iye ndi woyenda pansi. Anthu amene kwa mibadwo yambiri adamuzenga mlandu wochedwa ndi uthenga wa moyo, tsopano uthenga wa moyo wake uli m'manja mwawo, ndipo sakuoneka kuti akuthamanga nawo.

Pali ulemu umodzi umene akatswiri adapereka kale, umene ana a sukulu ambiri saudziwa. Paphiri la Mulanje pali nadzikambe wa m'nkhalango amene Donald Broadley adamulemba mu 1965. M'chaka cha 2006 akatswiri adaona kuti ndi wosiyana ndi ena onse moti ayenera fuko lakelake, ndipo pofuna dzina adatenga mawu a Chichewa: fukolo likutchedwa Nadzikambia. M'bale wake adapezeka paphiri la Mabu ku Mozambique nalembedwa mu 2010. Motero wophunzira wa ku London kapena ku Tokyo akatsegula buku la zokwawa amatchula mawu omwe agogo aakazi a ku Chiradzulu ankakana kuwamva pakhomo pawo. Ena amati bilimankhwe, ena tonkhwetonkhwe, koma dzina limene lidaoloka nyanja ndi ili la nadzikambe.

Kubwerera pakhonde paja, masiku adafika anayi. Mnyamata adali atasintha zambiri. Adachotsa nsima, nayamba kugwira ziwala m'mawa mame asanakamuke, adaphimba katoni ndi chidutswa cha neti yakale, ndipo ankawaza madzi pamasamba ndi zala. Nadzikambe adamwako pang'ono, koma ziwala adangoziyang'ana. M'malo mokwera nthambi adatsikira pansi, nayamba kuyendayenda m'mbali mwa katoni ndi kukanda pansi pake ndi miyendo yakutsogolo. Adakanda usana wonse. Mnyamata adati akufuna kuthawa. Agogo aamuna adati mwina wadwala.

Amene adamasulira ndi agogo aakazi. Masiku onsewo ankadutsa pakhondepo atatembenuzira nkhope kumbali, koma zikuoneka kuti diso limodzi linkagwira ntchito, monga la nadzikambe yemwe. Tsiku lachisanu adaima patali ndi mtsuko pamutu, nayang'ana kanthawi.

"Amuna inu nonse awiri mulibe maso. Simukuona mimbayo? Ameneyu ndi wodwala pakati. Akufuna dothi."

Mnyamata adasuzumira, ndipo adaonadi timatuza tozungulira m'mbali mwa mimba, ngati nyemba m'kathumba.

"Agogo, ndiye aphulika? Anzanga amati amakwera mtengo n'kudzigwetsa kuti ana atuluke."

"Zimenezo amanena za kalilombe. Ine sindidaonepo. Chimene ndidaona ndikupalira ndi wotereyu akukumba."

Chikhulupiriro chakuti kalilombe amabereka podzigwetsa n'kuphulika n'chakale ndipo n'chofala, koma kalilombe amaikira mazira monga nadzikambe wamba. Ilipo mitundu ina, makamaka ya m'mapiri ozizira a kum'mawa kwa Africa, imene imabereka ana amoyo, koma nayonso siphulika. Nadzikambe wamba wa m'midzi ya Malawi, wa timakutu tachikopa kuseri kwa mutu, amatsika mumtengo kumapeto kwa dzinja kukafuna nthaka yofewa ndi yachinyezi. N'chifukwa chake panyengo imeneyi amapezeka kawirikawiri akudutsa njira ndi misewu, ndipo ambiri ophedwa ndi miyala kapena galimoto amakhala aakazi onyamula mazira. Akapeza malo amakumba una, n'kuikiramo mazira oposa 20, nthawi zina mpaka 50, n'kukwirira. Akasowa pokumba amatha kuwasunga m'mimba mpaka kufa nawo, ndipo oweta a kunja amalidziwa bwino vuto limeneli, moti amaika chidebe cha dothi lonyowa m'chikwere cha wamkazi aliyense. Katoni ya sopo ikadakhala manda a mayi ndi ana ake onse.

Mnyamata adakhala chete nthawi yaitali. Mazira ochuluka chotere, m'masamu ake aja, adali nsapato zambiri. Agogo aamuna sadamulalikire. Adangomufotokozera, kwa nthawi yoyamba, za fodya wa mphuno ndi za tizala tija tidagwira chala chawo kubusa.

"Ine ndidapha ambiri popanda chifukwa," adatero. "Iwe uli ndi chifukwa, nsapato zako ndaziona. Koma ameneyu ndipatse ine. Ndikulipira ndikakolola nandolo."

Madzulo a tsiku lomwelo adanyamula katoni kupita nayo kumunda wa kuseri kwa nyumba, naipendeketsa pansi pa nandolo, pamene nthaka idali ikadali yonyowa. Nadzikambe sadathokoze ndipo sadafulumire. Adatuluka mwendo umodziumodzi, nayendayenda, nayesa malo awiri n'kuwasiya. M'mawa mwake adampeza atalowa mutu m'dzenje, akukankhira dothi kumbuyo, thupi lonse lili fumbi. Ntchitoyo idamutengera usana wonse ndi usiku. Mnyamata adakhala patali ndi kamtengo, akuingitsa nkhuku. Tsiku lotsatira dzenje lidali litakwiriridwa bwino lomwe moti munthu wosadziwa sakadaliona, ndipo mwini wake, wowonda ngati chikopa chopachikidwa, adali panthambi ya nandolo. Patapita masiku awiri sadaonekenso.

Mnyamata adazunguliza malowo ndi njerwa zinayi. Mazira a nadzikambe wotere amakhala m'nthaka miyezi 9 kapena kuposerapo, chisanu chonse ndi chilimwe chonse, popanda mayi wowafungatira. Mwezi wa Seputembala nandolo adakololedwa, ndipo agogo aamuna adasunga mawu awo, ngakhale kuti ndalama zidangokwana nsapato za kaunjika. Mapesi a nandolo nthawi zonse agogo aakazi ndiwo amadula kuti akhale nkhuni. Chaka chimenecho adasiya mitengo itatu yoyandikana ndi njerwa zija. Pogalauza mizere mu Okutobala khasu lawo lidafika pamenepo n'kulambalala, mzere n'kukhota ngati njira yopewa chulu. Mnansi wina atafunsa chimene adakwirirapo, adayankha kuti ndi za ana, nasintha nkhani.

Mvula idagwa kumapeto kwa Novembala, nandolo wotsala uja adaphukira, koma pakati pa njerwa padalibe chosintha. Disembala adatha. Mnyamata adafuna kukumba kuti aone ngati mazirawo adaola, agogo aamuna adamuletsa. Usiku wina wa mu Januwale, itagwa mvula yamphamvu masana, adatenga tochi napita kumundako monga ankachitira masiku ambiri. Pansonga za nandolo ndi pamaudzu ozungulira padali tinthu toyezuka, tating'ono ngati theka la kamtengo ka machesi, kalikonse katapinda kamchira kake, katagona pakokha. Adawerenga kawiri kuti asalakwe, kenaka adathamangira kunyumba kukadzutsa agogo ake.

Agogo aamuna adatuluka ndi ndodo, osavala n'komwe nsapato. Agogo aakazi adafika pakhomo atafunda chitenje, naima pomwepo.

"Alipo angati?"

"Khumi ndi mmodzi, agogo. Bwerani mudzaone."

"Ndamva. Uuze agogo akowo aponde bwino, angawaponde ena ali pansi."